Zilombo za m'masamu zisathamangitsidwe m'masukulu athu

Mkangano woti masukulu athu a ukachenjede asiye maphunziro "opanda phindu" n'kumangophunzitsa zopezetsa ntchito sukuzilala. Umamveka pa wailesi m'mawa, umamveka m'minibasi ya ku Limbe, ndipo mwezi wathawu unandipeza pa chinkhoswe china kufupi ndi Chitakale. Mnyamata amene ndinamuphunzitsa masamu ku sekondale zaka zapitazo anabwera kudzaona makolo. Amalume ake, omwe ndi mwinimbumba ndiponso amene anagulitsa mbuzi kangapo kuti fizi ipezeke, anamufunsa pagulu chimene akufufuza pa digiri yake yachiwiri. Mnyamatayo anagwira chipewa m'manja n'kuyankha kuti akufufuza mizere ya masamu imene siduka pena paliponse, komanso ilibe ngakhale kamalo kamodzi kosalala. Amalume anatafuna kaye nyama imene inali m'kamwa, kenako anati: "Mphwanga, ndiye kuti mbuzi zanga zija zinathera pa mizere?"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo, koma pa mkangano uwu ndili kumbali ya mnyamatayo. Malawi akufunika anthu ochepa, ngakhale khumi okha, amene ntchito yawo ikhale kufufuza pamene masamu osalala a m'mabuku amathera mphamvu, ndipo masukulu a ukachenjede, kuphatikizapo MUST imene inatsegulidwa ku Ndata m'boma la Thyolo mu 2014, asamachite manyazi kusunga anthu otere. Chifukwa changa si chakuti masamuwa ndi okongola, ngakhale ndi okongoladi. N'chakuti dziko limene tikukhalamo, kuyambira mvula ya m'phiri mpaka mtengo wa thumba la chimanga, si losalala, ndipo wodziwa masamu osalala okhaokha amapusitsidwa ndi mapepala ake omwe.

Tisanakangane, timvane kaye chimene mnyamatayo amanena. Ku sukulu timaphunzitsa za function, lomwe ndi lamulo lopereka nambala imodzi pa nambala iliyonse imene mwaibweretsa: mwathyola makilogalamu angati a tiyi, malipiro anu ndi awa. Lamulo lotere likajambulidwa pa galafu limatulutsa mzere. Mzerewo timati ndi wosaduka ngati mungaujambule osatukula pensulo. Kusalala ndi nkhani ina. Msewu wochoka ku Thyolo boma kutsetserekera ku Luchenza ndi wokhotakhota, koma kachigawo kamene tayala la njinga laponda n'kowongoka, ndipo pamenepo mungathe kunena kuti msewu walowera uku ndipo watsetsereka chonchi. Calculus yonse, masamu owerengera kutsetsereka kwa mizere, imene ana a Additional Mathematics amalawako pa MSCE, inamangidwa pa chikhulupiriro chimenechi, choti mukauyandikira kwambiri mzere wokhota umaoneka wowongoka. Kwa zaka zambiri akatswiri ankakhulupirira kuti mzere uliwonse wosaduka ndi wosalala kupatula pa ngodya zowerengeka. André-Marie Ampère wa ku France anayesa kutsimikiza zimenezi mu 1806, ndipo mabuku ambiri a nthawiyo anazilemba ngati choonadi.

Pa 18 July 1872, Karl Weierstrass anaonetsa akatswiri anzake ku Berlin kuti chikhulupiriro chija n'cholakwika. Njira yake mlimi aliyense angaimve. Ungani mizere m'munda. Pamwamba pa mizere imeneyo ungaponi timizere tina, totalika theka la mizere yoyamba koma tothinana kuwirikiza ka 13. Pamwamba pa timeneto ungaponi tina, theka la thekalo, tothinana ka 13 kuposanso, ndipo musaleke. Kutalika konse sikungapitirire malire, chifukwa 1 kuphatikiza theka, kuphatikiza theka la theka, mpaka kalekale, sizidutsa 2. N'chifukwa chake mzerewo suduka. Koma pa gawo lililonse kutsetsereka kwa timizere kukuwirikiza ka 6.5, ndiye kulikonse kumene mungayandikire mupeza makwinya ena akuthwa kuposa oyamba. Palibe pamene tayala la njinga lingapeze kowongoka. Bernard Bolzano wa ku Prague anali atapezapo chofanana nacho cha m'ma 1830, koma mapepala ake anakhala m'bokosi mpaka zaka za m'ma 1920. Akuluakulu a masamu sanakondwe nazo. Charles Hermite analembera mnzake Stieltjes mu 1893 kuti amatembenuka ndi mantha ndi kunyansidwa akaona mliri wa ma function otere, ndipo Henri Poincaré anawatcha zilombo. Choncho amalume aja sali okha. Ali pagulu la anthu otchuka.

Tsono mfundo yoyamba ya otsutsa, imene ndiyo ya amalume, ndi ya umphawi. Iwo amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno: kuchipatala mankhwala akusowa, feteleza wakwera, milatho imene inakokoloka sinabwerere yonse, ndiye kandalama kochepa kamene tili nako kapite kwa mainjiniya, anamwino ndi alangizi a zaulimi. Mfundoyi ndi yaulemu ndipo sindiipeputsa, poti inenso ndinakhalapo pa mzere wa kuchipatala n'kubwerako ndi chikalata chokha choti ndikagule mankhwala. Koma tiwerenge mtengo wake. Katswiri wa masamu awa safuna makina a mamiliyoni, kapena mankhwala oyesera, kapena galimoto yopita kumunda. Amafuna choko, mapepala, intaneti yowerengera zimene anzake alemba, ndi maola angapo pa sabata amene sakuphunzitsa kalasi ya anthu mazana atatu. Weierstrass mwiniyo anakhala zaka zoposa khumi akuphunzitsa sekondale m'matauni ang'onoang'ono a Deutsch-Krone ndi Braunsberg, komwe ankaphunzitsanso masewera olimbitsa thupi ndi kalembedwe kabwino, masamu ake n'kumachita usiku. Mwa kafukufuku yense amene dziko losauka lingayese, uyu ndiye wotsika mtengo kwambiri. Kumudula sikungagule ngakhale ambulansi imodzi.

Komanso, pa mfundo yomweyi, mainjiniya ndi anamwino amene tikuwafunawo amadya za m'munda umene zilombozi zinalima. Mu 1829 katswiri wina dzina lake Dirichlet anapereka function yopatsa 1 pa nambala iliyonse yolembeka ngati fulakishoni, ndi 0 pa nambala zina zonse. Ndi yoduka paliponse, moti simungaijambule n'komwe. Njira yowerengera malo a pansi pa mzere imene Bernhard Riemann anaikhazikitsa mu 1854 imalephera pa chilombo ichi. Kulephera kumeneko ndiko kunathandiza kukankha Henri Lebesgue kuti mu 1902 apeze njira ina, ndipo iye mwini anaifotokoza ndi fanizo la kuwerenga ndalama. Taonani mayi wogulitsa zinanazi pa Limbuli madzulo akamasula chitenje. Angathe kuwerenga ndalama imodziimodzi monga ikutulukira, iyi K200, iyi K1,000, iyi K50, n'kumaphatikiza. Imeneyo ndi njira ya Riemann. Koma mayi wochenjera amasanja kaye, ma K1,000 paokha, ma K500 paokha, kenako n'kuwerenga milu. Imeneyo ndi ya Lebesgue, ndipo imagwira ntchito ngakhale ndalamazo zitasakanikirana motani. Mu 1933 Andrey Kolmogorov wa ku Moscow anamanga masamu onse a mwayi pa maziko a Lebesgue amenewa. Wowerengera inshuwalansi ya mbewu, woyesa ngati katemera akugwira ntchito, wolosera za nyengo, onsewa amaima pa mazikowo ngakhale ambiri sadziwa. Kuchoka kwa Dirichlet kufika kwa Kolmogorov panadutsa zaka 104. Akanakhalapo mwinimbumba wofunsa phindu mu 1829, palibe akanamuyankha.

Mfundo yachiwiri ndi ya anthu ophunzira, ndipo ndinaimva kwa mnzanga amene amagwira ntchito ya uinjiniya wa madzi. Iye amati mizere yotereyi ndi masewera a m'mutu. Chilengedwe, akutero, n'chosalala mokwanira, ndipo pa zaka zonse zimene wayala mapaipi sanakumanepo ndi function ya Weierstrass. Apa ndiye pamene ndimakana kwambiri, chifukwa mbiri ya sayansi inamuyankha kale. Mu 1827 Robert Brown anaona pa makina okulitsira zinthu kuti tizidutswa tating'ono tili m'madzi timanjenjemera osaleka. Albert Einstein anafotokoza mu 1905 kuti tizidutswato tikugundidwa ndi mamolekyu a madzi, ndipo Jean Perrin, amene anayeza kayendedweka mosamala n'kulandira mphotho ya Nobel mu 1926, ananena yekha kuti njira za tizidutswati zimakumbutsa ma function aja opanda kusalala. Mu 1933 akatswiri atatu, Paley, Wiener ndi Zygmund, anatsimikiza kuti m'masamu a kayendedwe kameneka njirazo zilibedi malo osalala. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu 1931, Stefan Banach ndi Stefan Mazurkiewicz a ku Poland anali ataonetsa chinthu chodabwitsa koposa: pakati pa mizere yonse yosaduka, zilombozi ndizo zochuluka, ndipo mizere yosalala imene timaphunzitsa ana ndiyo yosowa. Tinali ngati munthu wokulira m'munda wa tiyi, wodulidwa bwino ngati tebulo, amene amaganiza kuti tchire lonse limamera choncho.

Ndipo sitifunika kupita ku Poland kuti tione. Imani pa Likhubula m'mawa kusanachite nkhungu muyang'ane m'mphepete mwa Chambe, imodzi mwa nsonga za phiri la Mulanje. Muona nsonga zazikulu. Yandikirani, nsonga iliyonse ili ndi timapiri take. Fikani pathanthwe penipeni, mupeza ming'alu, ndipo m'ming'alumo muli timing'alu. Yezani mtsinje wa Ruo ndi chingwe cha mamita 100, mulembe. Bwerezani ndi ndodo ya mita imodzi, kutsata kakhota kalikonse, mupeza wautali kuposa poyamba. Yezani ndi chikhatho, utalikanso. Lewis Fry Richardson anapeza kuti mabuku a ku Spain ankati malire a dzikolo ndi Portugal ndi makilomita 987 pamene a ku Portugal ankati 1,214, ndipo palibe amene ankanama, anangosiyana ndodo. Benoit Mandelbrot anatenga nkhani imeneyi mu 1967, ndipo mu 1975 anapatsa zinthu zotere dzina loti fractal. Zoona, thanthwe la Chambe silichita makwinya mpaka kalekale monga function ya Weierstrass, limakathera pa mchenga ndi mamolekyu. Koma ngati tifunsa kuti chikufanana kwambiri ndi phiri lathu n'chiti, mzere wosalala wa m'buku la Fomu 4 kapena chilombo cha mu 1872, yankho silivuta.

Mnzanga wa mapaipiyo ndinamukumbutsanso za madzi ake omwe. Masamu ofotokoza kayendedwe ka madzi, a Navier ndi Stokes, ndi a zaka za m'ma 1800, ndipo mainjiniya amawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Komabe mpaka lero palibe amene watsimikiza kuti madzi oyamba kuyenda mosalala, malinga ndi masamuwo, adzapitirira mosalala nthawi zonse osafika pamene nambala zimakula mopanda malire. Bungwe la Clay Mathematics Institute linaika mphotho ya madola 1 miliyoni pa funsoli mu 2000. Ife a kuno, amene tinamva za Napolo wa ku Phalombe mu 1991 n'kudzaona tokha namondwe Freddy mu March 2023, tikudziwa kuti kamtsinje kamene ana amasambamo m'mawa kangagubuduze miyala yonga nyumba usiku wake. Sindikunena kuti katswiri wa masamu awa akanaletsa Freddy, limenelo likhala bodza. Ndikunena kuti funso loti chinthu chosalala chimasiya liti kusalala si masewera kwa anthu okhala m'tsinde mwa phiri lotalika mamita 3,002.

Mfundo yachitatu imavomereza kuti masamuwa ndi ofunika, koma imati achite ndi a mayiko olemera, ife tidzingotenga zotsatira monga timatengera mafoni. Yankho langa ndi lija la makolo, loti kandimverere anakanena za m'maluwa. Lamulo lililonse la masamu limabwera ndi mawu ang'onoang'ono kutsogolo kwake: ngati mzerewu uli wosaduka, ngati uli wosalala, ndiye kuti zotsatirazi ndi zoona. Mawu amenewa ndi amene amatayika panjira. Pulogalamu ya pa kompyuta ikafika kuno imangofuna nambala, n'kutulutsa yankho la malo anayi pambuyo pa kadontho, ndipo aliyense amagwada. Tengani mitengo ya zinthu. Louis Bachelier anayamba mu 1900 kufotokoza mitengo ya pa msika wa Paris ndi masamu a kunjenjemera kuja, ndipo njira ya Black ndi Scholes ya 1973 imene mabanki ambiri amaitsata imaganiza kuti mtengo umanjenjemera koma sudumpha. Nanga kwacha yathu, imene inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, tsiku limodzi lokha? Kumeneko ndi kuduka kwa mzere, ndipo wogulitsa sopo pa Chinakanaka anakumva m'thumba asanamve pa wailesi. Pafunika Mmalawi amene angayang'ane pulogalamu yochokera kunja n'kunena kuti apa yaganiza zosalala pomwe kwathu n'zoduka. Munthu wotere samera yekha. Amaphunzitsidwa ndi munthu amene anakhala zaka akuweta zilombozi. Ndipo asatinamize kuti nzeru izi zili ndi mtundu wake: Luis Caffarelli, amene analandira mphotho yaikulu ya masamu yotchedwa Abel mu 2023 chifukwa cha kafukufuku wa kusalala kumeneku, anabadwira ndi kuphunzira ku Buenos Aires, m'dziko limene nalonso limadziwa kugwa kwa ndalama.

Ena amawonjeza kuti nkhaniyi ndi yakale, inatha ndi azungu a ndevu a m'zaka za m'ma 1800. Ayi. Funso loti mzere wa Weierstrass ndi wokhakhala motani, kutanthauza kuti uli pati pakati pa ulusi ndi nsalu, linayankhidwa mokwanira ndi Weixiao Shen wa ku China m'pepala losindikizidwa mu 2018, patatha zaka 146. Pa chitsanzo chathu cha theka ndi 13 chija, yankho ndi pafupifupi 1.73, pamene ulusi ndi 1 ndipo nsalu ndi 2.

Yatsala mfundo yachinayi, imene imandivuta kuposa zonse. Imati ana athu ambiri akulephera masamu a MSCE, ena akufika Fomu 1 osadziwa kugawa, ndiye n'kupanda nzeru kukongoletsa denga pamene maziko akugumuka. Imatinso mnyamata ngati uja akamaliza adzapita ku Cape Town kapena ku London osabweranso, mbuzi za amalume n'kupindulira eni ake a kumeneko. Za kuchoka ndikuvomera kuti zimachitika, ndipo zidzachitikabe malinga ngati wobwerera akupatsidwa makalasi asanu ndi limodzi popanda ola limodzi loganiza. Koma mankhwala a vutoli ndi kumupatsa olalo, osati kumuletsa kuphunzira. Ndikuvomeranso chinthu china chimene anzanga okonda masamu sakonda kunena: mapepala ambiri a kafukufuku wotere sadzagwira ntchito ina iliyonse. Mwina la mnyamata uja lidzawerengedwa ndi anthu makumi awiri basi. Vuto n'lakuti palibe amene amadziwiratu pepala limene lidzakhale la Lebesgue, monga mlimi sadziwa njere imene idzamere, n'chifukwa chake amaponya zitatu pa phando.

Koma za maziko ndi denga ndili ndi umboni wanga, ndipo ndi wochititsa manyazi. Kwa zaka zingapo ndinkauza ana anga m'kalasi kuti mzere uliwonse umene mungajambule osatukula pensulo uli ndi kutsetsereka kwake pena paliponse, kupatula pa ngodya imodzi kapena ziwiri. Ndinkanena motsimikiza, ndikugogoda bolodi ndi choko. Ndinkaphunzitsa cholakwa cha mu 1806 ngati kuti Weierstrass sanabadwe, chifukwa amene anandiphunzitsa ine sanandiuze, mwina nawonso sanauzidwe. Tsiku lina mtsikana wina wa kumbuyo anafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga ngodyazo zitachuluka kwambiri?" Ndinamuyankha kuti zimenezo sizibwera pa mayeso. Mwanayo anafunsa funso lenileni la masamu, lomwelo limene Bolzano anadzifunsa, ndipo ine ndinalizimitsa ngati kandulo. Apa ndi pamene denga limakhudza maziko. Mphunzitsi wa sekondale amaphunzitsidwa ku koleji, wa ku koleji amaphunzitsidwa ndi wa ku yunivesite, ndipo ngati pamwambapo palibe amene anafunsapo funso lopanda yankho m'buku, mzere wonsewo umatsika ndi masamu oloweza. Ana athu sadana ndi masamu chifukwa choti ndi ozama. Amadana nawo chifukwa timawapatsa ngati malamulo a kundende, popanda kuwauza kuti akuluakulu ankalakwitsa, ankakangana, ena mpaka kunyansidwa.

Pachifukwa ichi, chimene ndikupempha kwa oyendetsa masukulu a ukachenjede ndi chaching'ono. M'dipatimenti iliyonse ya masamu mukhale anthu awiri kapena atatu amene maola awo ophunzitsa achepetsedwa kuti afufuze, ndipo asafunsidwe chaka chilichonse kuti kafukufuku wawo wagulitsa chiyani. M'malo mwake afunsidwe kuti aphunzitsa aphunzitsi angati, ndipo pa tchuthi atumizidwe ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo, akakhale sabata imodzi ndi ife a choko m'manja. Ine ndidzakhala pa benchi ya kutsogolo.

Pa chinkhoswe paja, nyimbo zitayambiranso, ndinaona amalume atamukokera mphwawo pambali pansi pa mtengo wa mapeyala. Anali ndi mlandu wa malire a dimba ndi mnansi wawo, malire otsata kamtsinje, ndipo anthu awiri amene anayeza anapeza nambala zosiyana ndi mamita ambiri. Mnyamatayo anangofunsa kuti woyamba anayeza ndi chiyani, wachiwiri ndi chiyani. Amalume anati wina ndi chingwe chachitali, wina ndi nsungwi. Ndinawasiya akujambula kamtsinjeko pa dothi ndi kamtengo, amalume akuwonjezera makhota amene mphwawo anawaiwala.